Thobwa Lokoka Ulusi

Uthenga wa imfa ya mayi ake unamupeza Abigail ali mu labotale, atavala magolovesi, akuyang'ana timbale ta maselo amene ankakana kudzuka. Anaimba foni anali amayi ake aang'ono, a Susana, ndipo sanazungulire. Anati mayi ake, a Nachisale, agwa kumunda m'mawa womwewo, pofika nawo kuchipatala n'kuti atatsirizika kale. Abigail anayankha kuti wamva. Anadula foni, anavula magolovesi, anasamba m'manja mpaka m'zigongono monga mwa lamulo la pantchitopo. Ndiye chinthu choyamba kumubwerera m'mutu sichinali nkhope ya mayi ake ayi. Unali mtsuko.

Musathamangire kumuweruza mwana wa eni ake. Dikirani kaye ndikuuzeni za mtsukowo.

Kumudzi kwawo, kuseri kwa Kasakula m'mapiri a Ntchisi, thobwa la a Nachisale linali lotchuka, ndipo osati chifukwa cha kukoma kokha. Linkananda. Ukaviika chala n'kuchitukula, linkakoka ulusi ngati therere, ulusi wautali wosafuna kuduka. Alendo ankayamba akwinya kaye nkhope, koma akalawa ankapempha lina. Amayi ena a m'mudzimo anayesa kutengera, chimera cha mawere chomwecho, mgaiwa womwewo, kashuga pang'ono monga ankachitira eni ake, koma lawo linkatuluka thobwa wamba. Nkhani inali mumtsuko wakuda, wobenthuka kukamwa, umene a Nachisale analandira kwa mayi awo. Sankautsuka ndi sopo kapena madzi otentha. Akatsanula thobwa ankasiya lina pansi pake, kuvundikira ndi mbale, n'kuukankhira pakona m'chipinda chosungira ufa. A Susana, mng'ono wawo, ankati umenewo ndi uve, ndipo ankanena mokweza, poti iwo ndi munthu wokwecha ngakhale kunsi kwa ndowa.

Abigail anakula akumwa thobwalo. Anaphunzira pasukulu ya mishoni, anapita kuyunivesite ku Lilongwe, nakakhazikika komweko pa maphunziro a tizilombo tosaoneka ndi maso. Itafika nthawi yosankha chofufuza pa digiri yake yaikulu, anakumbukira ulusi uja. Anabwera kumudzi ndi kabotolo, nakanda m'kati mwa mtsukomo, mayi ake akuseka mpaka kugwira nthiti, akuti sukulu yonseyi n'kumathera kukokota mitsuko. Koma anakapeza kachilomboko. Kanali kabakiteriya kabwino, kosadwalitsa, kamene kakadya shuga kamalumikiza tizidutswa take kamodzikamodzi kukhala chingwe, monga mmene amayi amatungira mikanda. Ulusi wa pachala uja unali zingwe zimenezo, miyandamiyanda.

Tsono mverani pamene panali pa nkhani. Abigail anazisefa zingwezo, zazitali pazokha, zazifupi pazokha, n'kumazithira pa maselo a chitetezo, aja timati asilikali a m'thupi, amene ankawaweta m'timbale. Akawathira zingwe zazitali, asilikaliwo ankadzambatuka n'kuyamba kutulutsa timadzi toitanira anzawo kunkhondo. Akawathira zazifupi, zii, ngati palibe chawakhudza. Shuga yemweyo, kachilombo komweko, kusiyana kutalika basi. Iye ankafotokoza kuti chingwe chachitali chimagwira malo ambiri pakhungu la selo nthawi imodzi, ndiye selo limazindikira kuti kwabwera mlendo, pamene chachifupi chimangogogoda khomo limodzi mopepuka n'kudutsa osamveka. Ankawonjezera msanga kuti si lamulo la tizilombo tonse, kwa tina zazifupi ndizo zimagwira ntchito, koma kwa kachilombo ka mumtsuko wa mayi ake zinali choncho. Aphunzitsi ake anayamba kumupatsa moni ndi manja awiri. Ankati mwina tsiku lina zingwezo zidzathandiza katemera kugwira bwino mwa ana ofooka, ngakhale aliyense ankadziwa kuti kumeneko n'kutali.

Koma mvula ikakuona litsiro sikata. Chakumapeto kwa chaka magetsi anazima nthawi yaitali, jenereta inalibe dizilo, ndipo firiji imene ankasungamo mbewu ya kachilomboko inasungunuka. Zonse za mmenemo zinafa. Anangotsala ndi tizilombo timene ankangotiwokera m'timbale sabata ndi sabata. Vuto lake, kachilombo kowokedwa kambirimbiri kamasintha khalidwe. Kameneka kanatengera ulesi wa m'tauni. Kanali kamoyo ndithu, kakudya, kakuswana, koma zingwe zake zinayamba kufupika mpaka ulusi sunkakokekanso. Chiyambire dzinja Abigail ankathira zingwezo, asilikali ali chigonere. Ntchito ya zaka zingapo inatsala papepala pokha, ndipo wasayansi amene sangabwereze zimene analemba amaoneka ngati wabodza. Pansi pano panatsala malo amodzi okha pamene kachilombo ka zingwe zazitali kanali kamoyo, ndiwo mtsuko uja.

Anawaimbira mayi ake kuti chonde asautsuke, abwera kudzakandanso mvula ikangokata, poti msewu wa kwawoko nthawi yadzinja ndi wa anthu olimba mtima. A Nachisale anati mtsukowo wakhala osatsukidwa iye asanabadwe, ungatsukidwe lero chifukwa chiyani. Anamufunsanso ngati akudya mokwanira. Kuyankhulana kwawo komaliza kunali kumeneko.

Tsiku la uthengalo, asanatuluke mu labotale, Abigail anatsegula kabati natenga kabokosi kozizira, timabotolo ndi timitengo ta thonje tokandira. Mnzake wa pantchito, Tikondwe, anamuona akulongedza, nayang'ana kumbali. Abigail anakakulunga kabokosiko m'chitenje n'kukaika pansi pa chikwama, zovala zakuda pamwamba.

Ulendo wake saukumbuka bwino. Minibasi ya ku Mponela, ina ya ku Boma la Ntchisi, kenako njinga yamoto m'matope ofiira, mwina kukwera mwina kutsika n'kumakankha. Njira yonse ankayembekeza misozi ngati munthu woyembekeza basi. Ankadziuza yekha mumtima kuti amayi amwalira, amayi amwalira, koma mawuwo ankamveka ngati akunena za mayi wa munthu wina. Ankaona fodya m'minda, soya, ana ogulitsa bowa m'mbali mwa msewu, utsi wa mvula pamwamba pa phiri, ndipo zonsezo zinali pamenepo basi, zosamukhudza. Sanali wachisoni. Sanali chilichonse. Chimene ankamva chinali kona ya kabokosi ikumubaya pantchafu.

Kwathu kuno mwana wamkazi wobwera kumaliro a mayi ake amayamba kulira akadali kunjira, kuti a pamudzi amve kuti wafika. Abigail anatsika panjinga, anaona utsi wa mafuwa ambiri, masamba atayalidwa pamsewu, amuna atakhala pansi pa mtengo wa mango, koma kulira sikunabwere. Amayi anathamanga kudzamugwira, iwo akulira mokweza. Iye anadziphimba kumaso ndi chitenje n'kumagwedeza mapewa. Anamulowetsa m'nyumba ya siwa atamugwira uku ndi uku ngati agwa, chonsecho miyendo yake inali yolimba bwinobwino.

Anamukhazika pafupi ndi bokosi. Amayi a Chigwirizano, mu zoyera zawo, ankaimba nyimbo ina ikatha ina. Atamutsegulira kuti aone nkhope, anayang'ana nthawi yaitali, ndipo chimene anaona n'chakuti duku analimangira kumanja, pamene mayi ake ankamangira kumanzere. Analikonza. Amayi a pafupi atamuona akutero analira kwambiri, akuti mwana uyu ankawakonda amake. Pamene anakhalapo ankatha kuona khomo la chipinda chosungira ufa. Linali lotsegula, ndipo pakona paja panalibe kanthu.

Anapirira mpaka dzuwa litapendeka, napempha kuti apite kuseri. Kumbuyo kwa khitchini, pathandala, panali mapoto, ndowa, mabeseni ndi mitsuko ya m'mudzi wonse, zovundikiridwa kuti ziume. Anauzindikira ndi kubenthuka kwa kukamwa kokha, chifukwa sunalinso wakuda. Unali wofiira psuu.

A Susana anamupeza ataimirira pomwepo. Anali otopa, maso otupa, manja oyera ndi phulusa, koma pa nkhani ya mtsukoyo nkhope yawo inawala pang'ono. Anati madzi pamaliro safuna kuchepa, ndiye chotengera chilichonse cha pakhomopo chinayenera kugwira ntchito. Anati kubwera abusa, kubwera anthu a mipingo yonse ya kuno, ndipo iwo sakanalola kuti munthu asuzumire mumtsuko wa mkulu wawo n'kukanena kwawo kuti malemu anali auve. Thobwa limene linalimo anapatsa anyamata amene ananyamula thupi. Kenako anaukwecha ndi mchenga, phulusa ndi sopo, kuthiramo madzi owira kangapo, n'kuuwamba pamoto kuti fungo lonse lichoke.

"Taona," anatero, akuutembenuza kuti auone bwino. "Zaka zonsezi osadziwa kuti ndi wofiira."

Abigail analowetsa dzanja. M'kati munali mouma, mokhakhala, monunkhira sopo ndi utsi. Dothi la mtsuko limabisa tizilombo m'timabowo take, zimenezo ankazidziwa, koma ankadziwanso zimene moto umachita. Sanavutike n'komwe kukatenga timitengo ta thonje. Anangofunsa ngati thobwa la amayi linatsalako kwina kulikonse, ngakhale pang'ono. A Susana anati latha lonse, namusisita pamsana, akuti mwana wosauka, akulakalaka za m'manja mwa amake. Ndikuuzeni, a Susana sanalakwe kanthu. Anachita zimene mng'ono wachikondi amachita. Koma madzi akatayika saoleka, ngakhale atawataya munthu wabwino.

Abigail anabwerera m'siwa nakhala pamalo pake. Anaganiza kuti mwina tsopano alira, poti wataya ziwiri tsiku limodzi. Palibe chinabwera. Ankangomva nyimbo ngati zikuchokera kutsidya kwa mtsinje.

M'mawa mwake, mwambo usanayambe, anatuluka kukapereka moni kwa bambo ake. A Nathaniel anali mphunzitsi wa pulayimale wopuma pantchito, ndiponso mkulu wa mpingo wa zaka zambiri, munthu wowongoka ngati mlongoti, wosaseka pagulu. Anawapeza atakhala pampando pakhonde, jekete lakuda likuwakulira, akufotokozera akulu a mpingo anzawo mmene zinachitikira. Anali atafotokoza kambirimbiri, moti mawu ankangotuluka okha. Anati analawirira limodzi ndi malemu kumunda wa mtedza kukakwezera mizere. A Nachisale ananyamula thobwa m'botolo la pulasitiki, naliika pamthunzi pansi pa msuku, akuti tidzamwa dzuwa likafika pamutu. Analima pang'ono, anati mutu, nakhala pansi m'khwawa la mzere. A Nathaniel anakuwa, anthu anabwera ndi ngolo.

"Thobwa lija sitinamwe n'komwe," anatero a Nathaniel. "Tinangosiya zonse pomwepo."

Apa mtima wa Abigail, umene unakana bokosi, unakana nyimbo, unakana nkhope ya mayi ake, unadumpha. Unadumphira botolo. Anachita manyazi mpaka anamva kutentha m'makutu, koma mutu wake unali utayamba kale ntchito. Botolo lotseka, pamthunzi, nyengo yozizira ya kumapiri kuno. Thobwa likhala litasasa, inde, koma kachilombo kaja kamapirira kuwawasa masiku angapo. Kakhoza kukhala kamoyo. Supuni imodzi yokha inali yokwanira.

Nanga akanapita bwanji? Mwana wamkazi yekhayo wa malemu sachoka pambali pa bokosi, ndipo ngakhale maliro ataikidwa, anamfedwa sayendayenda mpaka atasesa. Akanatha kutuma munthu, mungatero. Koma tayesani inuyo, tsiku loika mayi anu, anthu ali khamu, kukoka wina pambali n'kumuuza kuti andithamangireko kumunda kukatenga botolo la thobwa. Akanamuyang'ana bwanji? Akanati sukulu yamuzunguza mutu, kapena akanati alibe mtima, ndipo iye mwini ankaopa kuti mwina n'zoona. Anatsegula pakamwa kawiri konse kwa msuweni wake wina, n'kungomufunsa za madzi akumwa. Mbewa yamanyazi inafera kuuna, akulu ananena kale, koma mwambi suthandiza munthu amene ali m'katimo. Anadziuza kuti tsiku limodzi lokha silipha kachilombo.

Anawaika a Nachisale masana, kukuwaza mvula. Abusa analalikira, kwaya inaimba, adzukulu anatsitsa bokosi ndi zingwe zonyowa. Dzina lake litaitanidwa, Abigail anapita kukaika nkhata, nagwada, naimirira, nabwerera, zonse mwadongosolo. Anamva mayi wina kumbuyo akunong'ona kuti anthu ophunzira amalirira m'mimba. Iye ankayang'ana mitambo, akuganiza kuti bola kusatuluke dzuwa lamphamvu lotenthetsa botolo. Ataona kuti akuganiza zimenezo dothi likugwera pa bokosi la mayi ake, sanadabwenso. Anangodziona ngati mmene umaonera munthu wachilendo pamsika.

Kutacha anasesa. Amayi anatulutsa mphasa, anakolopa, anachotsa phulusa la pamoto wa maliro, alendo akutali anayamba kutsanzika. Pachipwirikiti chimenecho Abigail anatenga kabokosi kake m'chitenje, nadzera kuseri kwa nkhokwe, natsetsereka ndi kanjira ka kumunda. Kanali kanjira koterera, kodutsa m'chimanga chotalika kuposa munthu, ndipo mame anamunyowetsa mpaka m'chiuno. Sanathamange, koma sanayendenso ngati namfedwa.

Munda wa mtedza anaupeza monga anaufotokozera bambo ake. Mizere yokwezera inali yofiira, yatsopano, ndipo umodzi unalekezera pakati. Pamenepo dothi linali lopondedwapondedwa, ndi mikwingwirima ya matayala a ngolo. Anaima pang'ono, akudziwa kuti apa mpamene mwana wabwino amagwa pansi n'kugubuduka. Kenako anapita pamsuku.

Pansi pa mtengowo, m'masamba onyowa, panali kabwalo kozungulira, kouma pang'ono, pamene panakhala botolo. Botolo panalibe. Panali mapazi a jombo, obwera ndi obwerera. Anafunafuna m'udzu, anazungulira mtengo, anasuzumira m'mizere yapafupi, ngakhale ankadziwa kuti botolo siliyenda lokha. Anaganiza za abusa a mbuzi, anaganiza za anthu odutsa. Anakhala pansi pamuzu, kabokosi pamiyendo, mpaka nyerere zitayamba kumukwera. Ndiye anadzuka nayamba kukwera phiri.

Akuyandikira pakhomo anamva fungo la pulasitiki wopsa. Utsi unkachokera kuseri kwa khola la mbuzi, kumene sikuphikidwa kanthu. Anakhotera komweko, ndipo anawapeza bambo ake atanjuta pamafuwa atatu, jekete la maliro lili m'thupi, jombo zamatope kumapazi, akuvundula m'kapoto ndi mthiko. Chibadwire Abigail anali asanawaonepo bambo ake atagwira mthiko. Ankaugwira ngati choko. Maso awo anali ofiira ndi utsi, ndipo atamuona anamwetulira, koyamba chifikire iye.

Anamuuza kuti akhale pachitsa. Anati a Susana anawatsina khutu kuti mwana akufunsa thobwa la amake, ndipo iwo atamva zimenezo tulo sanatione. Kutangoyera analawirira kumunda. Botolo analipeza litatupa ngati chule, potsegula linachita kuphulika thovu, ndipo fungo lake linali lija lodziwika. Thobwa likagonera masiku limasanduka mowa, zimenezo ngakhale mwana amadziwa. Tsono ganizani, munthu amene wakhala pabwalo la mpingo zaka zonsezi kuimika anthu ofulula mowa, angatenge mowa n'kupatsa mwana wake? Ndiponso m'nyumba mukadali amayi a Chigwirizano, wina anunkhize n'kukafalitsa kuti a Nachisale anasiya mowa? Sakanalola dzina la mkazi wawo lidetsedwe ali m'manda. Koma kutaya sakanathanso, chinthu chomaliza chimene manja aja anaphika. Ndiye anakumbukira zimene amayi amachita thobwa likayamba kulusa, amaliwiritsanso.

Anati nkhuni zonse zinali zonyowa, moto unkangokana. Anatsanulira thobwalo m'poto, nadula botolo lija ndi mpeni n'kuyatsira, ndipo pulasitiki ndiye anagwiritsa moto. Analiwiritsa kuyambira m'mawa, likalimba kuthiramo madzi, likalimba kuthiramo madzi, mpaka fungo lonse la mowa litatha.

Abigail anayang'ana pamoto. Pamwala umodzi panamatirira kachinthu kakuda, kokwinyika, kamene kanali chitsekero cha botolo.

"Usaope, mwananga," anatero a Nathaniel, akutsanulira m'kapu ya chitsulo. "Ndikudziwa kuti anthu a sayansi mumasamala. Ndaliwiritsa mokwanira. Mulibe kachilombo ngakhale kamodzi."

Mawu anali nawo Abigail. Anafotokozerapo maprofesa za zingwe zazitali ndi zazifupi, anafotokozerapo mayi ake pafoni mpaka iwo kumvetsa n'kumaseka. Bambo ake okha ndi amene sanawafotokozerepo, chifukwa nkhani za mitsuko zinali za iye ndi mayi ake, ndipo bambowo ankangodziwa kuti mwana amaphunzira za tizilombo, ndiponso kuti tizilombo ndi tofunika kupha. Iwo anaphunzitsa zimenezo ana a sukulu moyo wawo wonse: wiritsani madzi, wiritsani mkaka. Akanatha kuwauza tsopano. Koma anaona dzanja limene linkamupatsira kapu. Pachala chachikulu ndi pamsana pa dzanja panali matuza, pamene pulasitiki wosungunuka anadonthera.

Analandira ndi manja awiri.

Mosaganiza, monga ankachitira ali mwana, anaviika chala n'kuchitukula. Dontho linagwa, tho, n'kubwerera m'kapu. Ankadziwa chimene chachitika mmenemo. Chinthu chowawasa chikawira nthawi yaitali choncho, zingwe zimaduka, n'kudukanso, mpaka kutsala tizidutswa. Akanati apite nalo ku Lilongwe n'kukathira pa asilikali aja, sakanatembenuka n'komwe. Ndipo wotunga zingwe zatsopano panalibenso, mumtsuko, m'botolo, kapena kwina kulikonse pansi pano. Zonsezi anaziganiza mwabata, ngati akuwerenga zotsatira za munthu wina. Anakankhira kabokosi kumbuyo kwa chitsa ndi chidendene, nauzira kapu, namwa. Linkamveka utsi ndi kuwawasa, ndi kukoma kwa mawere patali.

"Lili ngati la amako?" anafunsa a Nathaniel.

"Ee, abambo."

Bambowo anapumira m'mwamba ngati atula katundu. Anati ndiye nawonso alaweko, poti chiyambire zovutazi palibe chimene chadutsa pakhosi pawo. Abigail anawatsanulira lotsalalo m'kapu ina, nagwada powapatsa. Iwo anakhala pansi pafupi naye, msana atatsamira mtengo wa khola. Anavula chipewa, anatseka maso, napemphera mwachidule. Atatsegula maso sanamwe msanga. Anayang'ana m'kapu, ndipo mkulu wa mpingo uja, amene ankakalipira ana akamaseweretsa chakudya, anaviika chala chake chamatuza n'kuchitukula pang'onopang'ono. Dontho linagwa. Anaviikanso, natukula mosamala kwambiri. Linagwanso.

"Koma silikukoka ulusi," anatero, mawu ali pansi. Anamuyang'ana mwana wawo ngati mwana wa sukulu amene sakumvetsa pamene walakwitsa samu. "La amako limakoka ulusi. Kodi ndalakwitsa penapake?"

Kukhitchini kunkamveka a Susana akugawa mapoto kwa eni ake, akuitana mayina. Mbuzi inatulutsa mphuno pakati pa mitengo ya khola n'kununkhiza jekete la bambo ake. Abigail anayang'ana makala amene ankazima.

"Simunalakwitse, abambo," anatero. "Latentha chabe. Likazizira likoka."

A Nathaniel anagwedeza mutu, naika kapu pansi pakati pa jombo zawo kuti ipitidwe mphepo. Abigail anaika yake pambali pake. Anakhala choncho awiriwo kuseri kwa khola, akudikira kuti lizizire, ndipo pakapita kanthawi bambowo ankawerama n'kuviikamo chala.